Yotamu wafika, koma sanagone

Mwaswera bwanji nonse.

Mwana wanga Yotamu wafika masana ano kuchokera ku Joni, patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Wabwera ndi anzake atatu pa njinga zamoto, matenti atamanga kumbuyo. Akuti amaliza mapiri a ku Lesotho, tsopano akupita kukagona kumapiri a ku Tanzania.

Ine ndinali nditasesa chipinda chake, kupachika neti yatsopano, nsomba ya batala nditawamba. Ndamuuza kuti tiyeni kumanda mukaone pamene tinagoneka mayi anu, poti pamaliro simunabwere. Iye akuti, "Ada, tikatero kutidera panjira. Ulendo wina." Moni wandipatsa osavula n'komwe magolovesi.

Atanyamuka ndatola pepala la ulendo wawo pakhonde. Malo onse alembedwa bwinobwino. Phiri lina la ku Tanzania alipatsa masiku atatu. Pa dzina la kwathu kuno ku Chintheche alemba kuti kuthira petulo, mphindi makumi atatu. Wotchi ndinayang'ana ine. Sanakwanitse ngakhale zimenezo.

Pepalalo ndaliika m'fayilo yake, pamodzi ndi khadi lake la sikelo ndi kalata imene analonjeza kuti adzakhala nane mlungu wathunthu. Batala uja ndadya ndekha.

Pepala lomwelo likuti pobwerera adzadzera ku Zambia. Inu azakhali ake, ndimuitanenso kapena ndikhale chete?

Ndikudziwa kuti ali pagulu pano. Yotamu, mukapeza netiweki kumapiriko, dziwani kuti neti ija sindinachotse.