Nthuli yachinayi

Chaka chathu chachiwiri ku North York, pafupi ndi Toronto ku Canada, chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndinkagwira ntchito ziwiri. M'mawa ndinkasambitsa okalamba kunyumba yowasungira, masana n'kukwera basi kupita kusitolo yokazinga nkhuku. Amuna anga anali payunivesite, kuwerenga mabuku olemera kuposa mwana wathu, ndipo mabuku sadyedwa. Anthu akandifunsa za zaka zimenezo amayembekeza kuti ndinena za chisanu. Ine ndimakumbuka miyendo. Inkawawa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

Sitoloyo inali ya kampani ina ya ku America, ya zija zokhala ndi nthambi paliponse, denga lofanana, mabokosi ofanana. Abwana athu anali bambo wa ku Dominican Republic, dziko la pachilumba kunyanja ya Caribbean. Anali aafupi, a ndevu zapamlomo, osadziwa kukhala pansi. Ku Canada sanabwere kudzakhala. Kampani inawalonjeza kuti akayendetsa bwino nthambi yathuyi kwa chaka, idzawalola kukatsegula ina kwawo mogwirizana ndi alamu awo, amene anali ndi malo m'mbali mwa msewu waukulu. Kampani ikanapereka dzina, makina ndi ufa wokometsera nkhuku, alamu n'kupereka malowo ndi anthu odziwana nawo, abwana n'kupereka manja awo. Akazi awo ndi ana awiri anali konko, kudikira. Chinatsala ndi lipoti la woyendera masitolo, munthu amene amabwera osalengeza, ngati wogula wamba.

Kampaniyo inali ndi buku la malamulo lonenepa ngati Baibulo la patchalitchi. Bokosi la munthu mmodzi, nthuli zitatu. Nkhuku ikakhalitsa pansi pa nyale yofunditsa, tayani. Tsiku loyamba kutaya ntchafu zabwinobwino m'bini ndinakwiya kwambiri. Ine wa ku Dedza, kumene nkhuku imaphedwa pokhapokha kwabwera mlendo!

Tsiku lina kunabwera mayi wokalamba, ndipo ndinaona abwana akuponya phiko lachinayi m'bokosi lake, mwachangu ngati akuba. Atazindikira kuti ndaona, anandikokera pambali.

"Mayi, kwathu wogulitsa amene saonjezera kanthu anthu amamuthawa," anatero. "Zili ndi dzina lake m'chinenero chathu."

"Kwathunso abwana. Timati basela."

Tinaseka ngati anthu a mudzi umodzi okumana kutali. Kuyambira pomwepo nkhuku yotsala pang'ono kutayidwa inkapita m'mabokosi a anthu ooneka otopa. Kunali kuphwanya lamulo, inde, koma kwa ine kunali kugulitsa mwaulemu.

Chaka chili pafupi kutha, abwana anandiuza mosaseka. "Miyezi iwiri yokha, mayi. Gwirani dzanja lanulo. Zitatu basi, kufikira munthu uja atadutsa." Ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Koma dzanja lozolowera silimva Chingerezi.

Anali masana a Lachinayi, kunja kukuzizira koopsa. Kunalowa mzungu wowonda, jekete litanyowa, akutsokomola. Anati wayendetsa galimoto kuchokera ku Hamilton ndipo sanadye chiyambire m'mawa. Ine ndinali nditachoka kodyetsa nkhalamba phala ndi supuni, mutu udakali komweko. Ndinaika zitatu, ndinayang'ana nsapato zake zonyowazo, n'kuponyamo ntchafu ina.

Anakhala patebulo la pawindo. Anatsegula bokosi, analoza nthuli imodziimodzi ndi chala, kenaka anatulutsa kabuku m'thumba. Apo m'pamene ndinazindikira kuti anali woyendera masitolo uja.

Anaitanitsa abwana, ine n'kuima pambali ndi epuloni yanga yamafuta. Munthuyo sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Analankhula mofatsa kuti kampani imagulitsa chinthu chimodzi, kufanana. Wogula ku Toronto ndi wogula pachilumba ayenera kupeza zomwezomwezo m'bokosi. Kenaka anawatsegulira abwana khomo lothawira.

"Ngati walakwitsa ndi wantchito, mumuchotse, nkhani yathera pomwepo. Koma ngati ndi mmene sitolo ino imayendera, ndiyenera kulemba."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndine, anandiletsa kale, ndine wosamva. Abwana anandiposa liwiro.

"Ndinamuphunzitsa ndine," anatero.

Munthuyo analemba. Kenaka anadya nthuli zonse zinayi, mpaka kupukuta pakamwa, ndipo izi sindinamukhululukire mpaka lero.

Nditafika kufulati kwathu madzulo ndinawafotokozera amuna anga. Ndinati mawa ndikanena zoona kukampani, andichotse ineyo.

"Ndiye mupanga resign?" anafunsa, chala chili pakati pa buku. "Nanga mwanayu azidya sorry? Abwana anuwo a-decide okha, inu musakaonjezere moto."

Ndinawatukwana mumtima, koma m'mawa mwake ndinakwera basi yomweyo n'kuvala epuloni yomweyo. Kukampani sindinapite. Ndinali wotopa, ndiponso ndinkaopa. Akuluakulu amati chifundo chidaphetsa nkhwali, koma apa chifundo chinali changa, nkhwali inali ya eni.

Kalata inabwera patatha milungu ingapo. Abwana ayendetse nthambiyi chaka china, kenaka kampani idzaonanso. Anaipinda bwinobwino, kuiika m'thumba la malaya, n'kupita kukasefa mafuta okazingira. Sanandinenepo kanthu, ngakhale tsiku limodzi. Ndikanakonda akanandilalatira pamaso pa anthu, mwina ndikanapepukidwa. M'malo mwake ankandisungira mpando kukhitchini kuti ndizipumitsa miyendo mphindi zisanu, ndipo ndinkakhalapo ndi manyazi.

Alamu aja sakanadikira chaka china. Malo a pamsewu waukulu sakhala opanda ntchito, ndipo makampani ena akunja anali akuyendayenda pachilumbapo kufunafuna eni dziko ogwirizana nawo. Anapangana ndi ina yogulitsa mabanzi a nyama, yomwe inabwera ndi woyendetsa wakewake.

Abwana anandionetsa chithunzi cha sitolo yatsopanoyo tsiku lina tikupukuta kauntala. Nyumba yatsopano, chikwangwani chachikulu, alamu ataima pakhomo ndi suti. Chakumbali kunali akazi a abwana ndi ana awiri aja atavala zakutchalitchi. Wamkuluyo anali atatalika kufika paphewa pa amake.

"Uyu ndinamusiya ali apa," anatero, dzanja lili m'chiuno mwawo.

"Abwana, pepani. Ndine ndinachititsa."

Anayang'anabe chithunzicho. Kenaka anachibweza m'thumba.

"Akwathu anditumizira chithunzichi kuti ndisankhe," anatero. "Ndipite ndikagwire ntchito pansi pa munthu wawoyo, kapena ana abwere kuno kuchisanu. Ndawauza akagule majekete."