Chipsera cha pa Mkono wa Mwana Wanga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wasunga mwana wanga wamkazi kufikira lero, ngakhale sanamuchiritse monga ndinkapemphera. Ndimuthokozenso chifukwa cha manyazi amene ndinachita tsiku lina pamaso pa dokotala, pakuti manyaziwo ndi amene ananditsegula maso.

Tinabwera ku Mzuzu kuchokera ku Dedza, bambo a kunyumba atawasamutsa pa ntchito ya boma, ndipo tinapeza nyumba ku Masasa. Mwanayu anayamba kudwala khunyu ali Fomu 2. Amayamba ndi kumva fungo ngati la tayala lopsa, dzanja lamanzere n'kuyamba kunjenjemera, kenaka amangoyang'ana kumodzi, kumuitana osayankha. Masiku ena zimathera pomwepo. Masiku ena amagwa. Kuchipatala anamupatsa mapilitsi, anawasintha, kenaka anaphatikiza mitundu iwiri. Sanadumphitseko ngakhale tsiku limodzi, koma mwezi sunkatha osagwa.

M'mawa wina wa mu Juni, kunja kuli mawawa, ankawotha mbaula pakhonde podikira madzi a tiyi. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mbale. Pamene ndinkafika, mkono wake unali pa makala.

Mayi woyandikana nafe, amene amagulitsa nthochi pamsewu, anathamanga kudzandithandiza kumunyamula. Ataona balalo anagwira pakamwa.

"Amama, pepani chomene," anatero. "Wakugwa akapsa ndi moto ndiye basi, sachiranso. Ngakhale adokotala akaona chipsera amangokupatsani mankhwala kuti muzipita, mumtima atamutaya kale."

Ndinawayankha mwaukali kuti ife ndife anthu a pemphero, zoterozo sitizikhulupirira. Koma mawu omwewo ndinkawamva kwathu ndili mwana, ndipo anakakhala pansi pa mtima. Mwanayo sindinapite naye kumene amalandira mankhwala a khunyu. Ndinapita naye ku kachipatala kena ku Lupaso, kumene sankatidziwa, n'kunena kuti wangopunthwa n'kugwera pa mbaula. Bala litapola ndinakasankha mabulauzi a manja aatali pa kaunjika. Chaka ndi theka ankavala amenewo, ngakhale dzuwa la mu Okutobala, makamaka tsiku lokaonana ndi dokotala. Lamlungu ndinkaimba nawo m'kwaya ya amayi za Mulungu woona zobisika, ndili ndi chobisa changa.

Tsiku lina tinapeza dokotala watsopano, mayi wachitsikana wolankhula Chichewa chake mokoka ngati anthu a kuno. Anawerenga kabuku ka kuchipatala tsamba ndi tsamba, n'kudzutsa mutu.

"Akagwa, anavulalapo? Kugwera pamoto, kapena m'madzi?"

"Ayi adokotala," ndinatero. "Mulungu watisunga."

Ndinaika dzina la Mulungu pa bodza. Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, ine ndatopa ndi kutentha," anatero motsitsa. Anamasula batani n'kupinda dzanja la bulauzi mpaka m'chigongono. "Ichi n'cha mbaula, adokotala. Amayi akuopa kuti mukachiona mundisiya."

Dokotalayo anagwira mkonowo ndi manja awiri n'kuutembenuza bwinobwino.

"Mayi, moto unapsereza khungu, ku ubongo sunafikeko. Mukanandionetsa kale. Chipserachi chikundiuza kuti mankhwalawa alephera, ndipo sitingamangodikira."

Anatifotokozera kuti matenda a mwanayu akuoneka kuti amayambira pa malo amodzi mu ubongo. Anati kunja kwa dziko lino madokotala ayamba kuika kachipangizo kopyapyala pansi pa khungu la kumutu, pamwamba pa malo ovutawo, osaboola fupa. Kamatumiza timagetsi tochepa kwambiri tokhazika malowo pansi. Ena kugwa kumachepa, ena ayi.

"Ndiye magetsi akazima ndizigwanso?" anafunsa mwana wanga.

Dokotala anaseka mpaka kugwira tebulo. "Kali ndi batire lake, mwana iwe. Koma ndisakunamizeni, kuno kulibe. Chimene ndingathe n'kukulemberani kalata kuti akapime ubongo, tidziwe malowo, tisankhe mankhwala oyenera."

M'minibasi pobwerera ndinkakumbukira bambo uja wa m'Malemba amene anabwera ndi mwana wake wakugwa kwa Ambuye. Iye sanabise za moto. Ananena poyera kuti mwanayo amagwera pamoto ndi m'madzi, ndipo Ambuye sanamubweze. Ndimeyi ndinali nditaiwerenga kambirimbiri, ndinkaphunzitsanso amayi anzanga Lachinayi, koma itafika pakhonde panga ndinamvera mantha.

Titatsika ndinamugwira mkono womwewo. "Undikhululukire, mwana wanga."

"Ndakhululuka, amayi. Koma mabulauzi aja mupatse ena."

Kukapima tinapita, malowo anawapeza kumanja kwa ubongo, mankhwala anasinthanso. Amagwabe. Kachipangizo kaja kali kutali ndi ife, ndipo sindidziwa ngati mwana wanga adzakaone ndi maso ake. Chimene chimandilasa n'chakuti chaka ndi theka chija ndinachitaya ndine. Ndimafunsa Mulungu ngati akanakhala bwinoko ndikananena zoona msanga, ndipo sanandiyankhe. Mbaula tsopano timaiika m'kakhitchini kotseka. Mwana wanga amapita ku tchalitchi chipsera chili poyera, ndipo mayi wa nthochi uja popatsa mwanayo moni amayang'ana kumbali.

Inu amene muli ndi wakugwa m'nyumba mwanu, Ambuye akutetezereni ku moto ndi ku madzi. Akupatseni lilime lonena zoona pamaso pa ochiza, akutumizireni dokotala wogwira bala ndi manja awiri, ndipo pamene machiritso akuchedwa, akhale nanu pakhonde pomwepo. Ameni.