Odi Wosayankhidwa

Chaka chimene zipani zinachuluka, bambo anga anasiya kuyankha odi. Anali telala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde pathu ku Nkhotakota, koma anawalowetsa m'nyumba chifukwa cha anthu a kampeni. Awa akachoka ndi nyimbo zawo, ena afika ndi malonjezo, onse odi, odi. Mapeto ake ngakhale mnansi wodzapala moto ankaima pakhomo mpaka kubwerera.

Nthawi yomweyo anayamba kuonda. Kudya ankadya ndithu, tiyi wawo ankachita kunanda ndi shuga, poti mlamu wawo wa kuminda ya nzimbe sankabwera chimanjamanja. Koma chimene chinandiopsa ndi maso. Munthu amene anasoka mikanjo ya theka la mzikiti wathu anayamba kuphonya boo la singano. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga, anawapatsa mapiritsi, iwo nkuwaponya pamwamba pa kabati.

"Akuti shuga wandichulukira m'thupi, chonsecho mphamvu ndilibe," anandiuza. "Unaona kuti munthu wofa ndi njala nkhokwe ili yodzaza?"

Ine ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ndinayamba kuwalongosolera za m'buku. Anandimvera ngati akumvera wailesi yakutha mabatire. Ndinapsa mtima, komanso ndinali ndi mantha, chifukwa bambo opanda makina awo sindinkawadziwa.

Tili chikhalire, panja panamveka odi. Iwo anangokhala duu. Mawuwo anabwereza, kenaka mapazi anachoka.

"Ababa," ndinatero, "matenda anu ndi amenewa. Thupi ndi mudzi wa tinyumba ting'onoting'ono, timati maselo. Mukadya, kapamba amatuma mthenga, dzina lake insulini, kukaodira khomo lililonse kuti chakudya chafika. Pakhomo paliponse pali khutu lake lomvera mthenga ameneyu basi. Koma odi akachuluka usana wonse, eni nyumba amagontha. Shuga amangoyendayenda mumsewu, m'magazimu, kuwononga maso, m'nyumba muli njala."

Anayamba kupukuta makina amene anali oyera kale.

"Ndiye mapiritsi aja amatani, mama?" anandifunsa.

"Amathandiza kuti a m'nyumba amvenso. Koma nanunso muchepetse odi. Shuga uja."

"Wabwera uja ndani kodi?" anafunsa. Ndinasuzumira. Anali mayi wina wa ku Ngala, ataima chapatali mumsewu, nsalu ya mwana ili m'manja.

"Muitane."

Ndinganame ndikanena kuti zonse zinabwerera mwakale. Mapiritsi anatsika pakabati, tiyi anasanduka wozizira mkamwa ndipo ankamunyoza tsiku lililonse, thupi linabwerera pang'onopang'ono. Koma maso anali atapita kale mbali ina. Msoko ankauonabe, boo la singano ayi. Mpaka imfa yawo, amayi anga ndiwo ankawalowetsera ulusi, iwo akudandaula kuti akuchedwa.

Makina anatulukanso pakhonde. Odi aliyense ankamuyankha, ngakhale wa kampeni. Nditawaseka kuti ayamba ndale, anati, "Mwini thupi ndikamakana kutsegula, tinyumba tako tija tiphunzira kwa yani?"

Lero inenso ndimamwa mapiritsi omwewo, ndipo ana anga amandibisira shuga. Ndikafika kwathu ndimaodirabe pakhonde lija, ngakhale ndikudziwa kuti woyankha mwachangu uja kulibe.