Ndinafuna kufufuta dzina la agogo chifukwa cha pasipoti ya ku Italy

Ndikulemba izi masutikesi awiri ali pakhomo la chipinda changa ku Barking, kuno ku London. Viza yanga yatsala ndi masabata atatu. Palibe amene wandibera. Ndadzipweteka ndekha, ndipo ndapwetekanso anthu awiri amene sanandilakwire kanthu. Ndatopa, inu owerenga, koma ndati ndifotokozebe kuti wina asadzachite zimene ndinachita ine.

Mayi anga ndi oyera khungu. Bambo awo owabereka anali Mtaliyana, makaniko pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo anthu ankangowatchula kuti Bwana Jino. Anakhala ndi agogo anga aakazi kanthawi ndithu, popanda ukwati wa kutchalitchi kapena wa kuboma. Ntchito itatha anabwerera kwawo, basi. Anasiya chithunzi chimodzi, kumbuyo kwake atalemba dzina lawo lonse ndi tauni ya kwawo.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Choncho achimwene a agogo, a Makwinja, anamutenga mwanayo ngati wawo. Pa ubatizo, pofunika dzina la bambo, analembetsa lawo. Kusukulu chimodzimodzi. Ana anzawo akamawanena mayi kuti kamzungu kopanda bambo, a Makwinja ndi amene ankapita kukakalipa khomo ndi khomo. Agogo aakazi anatisiya kalekale. A Makwinja alipo, okalamba, maso sakuonanso, ndipo amakhala pakhomo pa mayi.

Ine ndinabwera ku London kudzaphunzira digiri yachiwiri ku Greenwich. Nditamaliza ndinapatsidwa viza ya zaka ziwiri, yoti ndipeze ntchito imene eni ake angandisainire mapepala okhalira kuno. Patangopita miyezi yochepa ndinamva kuti munthu wa magazi a ku Italy angathe kukhala nzika ya dzikolo. Ndinkadziwa kuti pasipoti imeneyo siikhazikanso munthu ku England, koma ndinati ndikaipeza ndiwolokera ku Dublin, m'dziko la Ireland kumene imaloledwa, ndikagwire ntchito ya maphunziro anga osagwadira bwana aliyense. Lamulo la ku Italy litasintha, n'kutsalira okhawo amene kholo kapena agogo awo anabadwira ku Italy, anzanga a pa gulu lina la pa intaneti ankalira. Ine ndinkangomwetulira kuti anga ndi agogo enieni, ndili m'kati.

Nthawi yomweyo mayi Zulu, a ku Chipata, amene timapemphera nawo, anandipezera malo panyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, kumene iwo ndi kapitawo. Eni ake anali okonzeka kundisainira. Ndinakana. Ndinati ine ndi digiri yangayi ndizikwera sitima ndi basi m'mawa uliwonse kukasambitsa nkhalamba? Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mwana, tenga nchito yamene ilipo. Vipepa va ku Italy vikupeze uli na pokhala." Ndinawaona ngati achikale.

Chaka chathunthu chinathera m'makalata. Ndinkalembera ofesi ya tauni ija, foni ikundimasulira Chitaliyana, kenako n'kudikira miyezi. Tsiku lina satifiketi ya kubadwa ya Bwana Jino inafikadi, ndipo ndinavina ndekhandekha m'khitchini. Ndinamvanso kuti mwini wakeyo anamwalira kale. Ndinatumiza malovu m'kabotolo kuti akayeze magazi, zotsatira zinabwera zosonyeza Utaliyana. Fayilo yanga inanenepa ngati Baibulo la paguwa. Chimene chinkasowa chinali chimodzi: pepala lonena kuti mayi anga ndi mwana wa bamboyo.

Apa ndi pamene ndinalakwa kwambiri. A pa gulu paja anandiuza kuti n'zosavuta, mayi akalumbire kwa loya, ndipo buku la ubatizo likonzedwe, dzina la a Makwinja lichoke. Sindinawafunse n'komwe mayi. Ndinangotuma msuweni wanga kuti akafunse kuparishi. Inu mukudziwa mmene nkhani imathamangira kumudzi. Msuweniyo asanafike kunyumba, a Makwinja anali atamva kale kuti mdzukulu wa ku London akufuna dzina lawo lifufutidwe.

Mayi anandiimbira Lamlungu masana, ine ndikutsika sitima pa Barking. Sanakalipe. Anati, "Mzungu uja anandisiya ndisanamere mano. Ukufuna ndikalumbire kuti amene anandilera si bambo anga, iwo ali moyo, akumva?" Ndikanakhala ndi nzeru ndikanapepesa pomwepo. Koma ndinawakalipira pakati pa anthu, kuti akunditsekera tsogolo chifukwa cha dzina la m'buku lodyedwa ndi chiswe. Anadula foni. Mawu angawo ndimawamvabe m'makutu, ndipo amandichititsa manyazi.

Kwa loya wodziwa malamulo a ku Italy ndinapita viza itatsala ndi miyezi inayi. Anatsegula fayilo ija, sipanathe ngakhale mphindi khumi. Anandifotokozera kuti a boma la Italy sayang'ana khungu, chithunzi, kapena zoyeza za m'kabotolo. Amafuna mapepala olumikiza mbadwo uliwonse ndi unzake. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati wolembetsa amayenera kuvomerezedwa mwalamulo ndi bambo ake, ndipo Bwana Jino sanasaine paliponse. Lumbiro la mayi palokha silikanathandiza, ngakhale buku la ubatizo likanakonzedwa. Njira yotsala inali ya kukhoti ku Italy, ya zaka zambiri, yopanda chitsimikizo. Anandifunsa mwaulemu chifukwa chimene sindinabwerere poyamba.

Ndinathamangira kwa mayi Zulu. Malo aja anali atatengedwa kalekale, ndipo zosainira anthu mapepala okhalira kuno zinali zitavuta. Ndalemba makalata ofunsira ntchito mpaka zala kuwawa. Ena sayankha n'komwe.

Sabata yatha msuweni uja ananditumizira mawu ojambula pa foni. Anali a Makwinja. Anati, "Mumuuze mwanayo kuti ngati dzina langa ndi limene likumutsekera njira, afufute. Ine ndakalamba, ndilibe nalonso ntchito." Ndinakhala pansi pa kapeti n'kulira. Anali kundipatsa chinthu chimene sichikanandigulira ngakhale chidindo chimodzi.

Inu owerenga, makamaka inu muli kunja kuno amene muli ndi kachithunzi ka mzungu m'chikwama cha agogo, musayambe ndi kulota. Yambani mwafunsa wodziwa malamulowo, tsiku loyamba, mumuuze zonse, ngakhale zoti ukwati sunalembetsedwe. Musadalire uphungu wa pa magulu a pa intaneti, chifukwa aliyense amanena za banja lake, osati lanu. Ntchito imene ilipo igwireni, mapepala akupezeni muli pokhazikika. Ndipo musanatume munthu kukagwira dzina la m'buku lililonse kumudzi, funsani kaye eni ake kuti linalowamo bwanji.

Ine ndikupita kwathu. Mayi akuti chipinda changa asesa, koma sananene zambiri. Fayilo ija ndaitaya. Chimene chikundisowetsa mtendere si anthu amene adzandiseke kuti ndabwerako chimanjamanja. A Makwinja amazindikira munthu pomugwira dzanja, ndipo ndikadzagwada pamaso pawo adzandifunsa kuti ndine mwana wa ndani.