Sitima ya Agogo Yafika pa N

Abambo a nyumba ya pakona anapuma ntchito kusiteshoni ya sitima, koma mwambi wawo sunapume. Ukachedwa pang'ono, amayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Sitima sidikira munthu."

Masiku ano akuphunzira kulemba zilembo zokongoletsa. M'mawa uliwonse amakhala pakhonde ndi botolo la inki ndi cholembera cha nsonga yotambalala, lilime lili panja ngati mwana woyamba sukulu. Sachoka pa chilembo mpaka chitawafika pamtima, chifukwa akuti sitima silumpha siteshoni.

Chinawayambitsa zonsezi ndi ukwati wa mdzukulu wawo. Pa 3 Januwale analonjeza pamaso pa banja lonse kuti makhadi oitanira anthu alemba okha pamanja. Pa 20 Meyi, ukwati utayandikira, mtsikanayo anabwera kudzatenga makhadi ake. Anawapeza akadali kuphunzira, kuchoka pa A angofika pa G.

"Agogo, anthu tiwaitana ndi chiyani?"

"Tifika, mayi. Tangoona kaye mchira wa G uyu mmene wapindikira."

Mtsikanayo anauyamikira mchirawo, n'kupita kukasindikiza makhadi kutauni. Paukwatipo agogo anavina bwinobwino, koma aliyense wokhala nawo pafupi ankamuonetsa kuti G wa makina alibe ulemu.

Dzulo mdzukuluyo anabweranso, ali woyembekezera. Agogo alonjeza kale makhadi a phwando la mwanayo.

"Muli pati tsopano, agogo?"

"Pa N. Umuuze mwanayo asafulumire."

Mtsikanayo anasisita mimba yake, nayang'ana wotchi ya agogo.

"Agogo, sitima sidikira munthu."