Matchera a Alamu Anga

Ndinagwirapo ntchito pa sitima yofufuza za nsomba. Ntchito yanga inali yoponya ndi kukweza ukonde waukulu umene sitimayo imakoka pansi pa nyanja. Akatswiri ankayeza nsomba, ife tinkanyamula.

Tsiku lina m'mawa tikukoka kufupi ndi kwathu ku Liwaladzi, ukonde wathu unakola matchera a munthu, maukonde otchera m'madzi aja. Makina okokera analira, waya n'kulimba gwa. Mwera unali utayamba, ndipo sitima inapendekeka.

Bwato lina linabwera mwaliwiro. Wopalasayo anali alamu anga, amuna a mlongo wanga. Matcherawo anali awo, ndipo banja lonse linkadyera pomwepo.

"Dula matcherawo!" anakuwa kaputeni, akundiponyera mpeni. "Waya ameneyu akaduka atipha!"

"Alamu, musadule!" anatero iwo, atagwira kale chitsulo cha m'mbali mwa sitima. "Tiwonjola bwinobwino. Mbumba yanu idya chiyani?"

Wayayo ankanjenjemera pafupi ndi miyendo ya anzanga. Ndinadula.

Alamu anakwera atanyamula nkhafi. Anandimenya nayo paphewa, kenako pakamwa. Ndinalavula dzino pamodzi ndi magazi, koma sindinabwezere. Anzanga awiri anawagwetsera pamulu wa nsomba, wina n'kuwaponda dzanja mpaka anataya nkhafiyo. Kenako anawakankhira m'bwato mwawo. Apo n'kuti matcherawo atamira kale.

Chaka chomwecho alamu anagulitsa bwato n'kupita kukadula nzimbe ku Dwangwa. Mlongo wanga amandilandirabe ndikapita kukaona ana. Alamu akangomva mawu anga pakhomo, amatulukira kuseri.