Magalasi Oonera Abambo Kuphiri

Mantha anga anayamba chaka chachiwiri amayi atamwalira. Abambo anayamba kumadzuka m'mawa, kuvala jekete lawo la kutchalitchi, kutenga ndodo n'kunena kuti, "Basi, ine ndikupita kwathu." Pamudzi pathu iwo anali mkamwini, ndipo mwambo wake timaudziwa tonse: mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Ife ana tinakana, tinati abambo sapita kulikonse, iwonso anavomera bwinobwino mutu ukadali m'malo. Koma mutu utayamba kusokonekera, zimene tinagwirizanazo zinafufutika n'kutsala mwambo wokhawo. Kwawoko ndi kuseri kwa phiri la Chongoni, ndipo owadziwa onse kumeneko anatha kalekale.

Njira ya kumeneko imayambira kuseri kwa khola lathu, kudutsa m'minda ya kachewere, kulowa m'nkhalango, kenako kutulukira pamiyala pamwamba. Pamiyalapo pali pena pamene njira imadutsa m'mphepete mwa phompho. Ine pakhomo ndinali ndekha ndi iwo, amuna anga ali ku Joni, ana atakula n'kubalalika. Nanga ndikanawamangirira pampando munthu wamkulu? Ndikapita kudimba kapena kumjigo, mtima unkatsala kunyumba, ndipo pobwera ndinkayamba kuyang'ana mpando ndisanatule chidebe.

Kanayi konse anachita kubwezedwa ndi amayi otola nkhuni. Wotsogolera ankakhala msuweni wanga, mwana wa amalume, munthu wapakamwa ngati ine ndemwe. Ankafika mtolo uli pamutu, abambo atawagwira dzanja, n'kuyamba kukuwa asanalowe n'komwe pabwalo. "Asuweni, nawa abambo ako! Ndawapeza akukwera ngati mnyamata wokafunsira mbeta. Iwe ntchito yako n'chiyani pakhomo pano?" Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka, koma m'kati zinkandiwawa zedi. Ndinkaona ngati mudzi wonse ukunena kuti ndalephera kusunga bambo anga.

Nzeru ya magalasi oonera patali ndinaitenga kwa alendo obwera kudzaona zojambula za pamiyala. Tsiku lina mmodzi wa iwo, mayi wa m'tauni, anandipeza ndikumuyang'anitsitsa ndipo anandibwereka ake. Nditaika m'maso, mayo ine! Mbuzi imene inali kadontho kuphiri ndinaiona ikutafuna, khutu lina lili long'ambika. Ndinabweza magalasiwo. Ndinati ndikangopeza anga, abambo sadzandisowanso, ndipo palibenso amene adzandifunse kuti ntchito yanga n'chiyani.

Nditakumba kachewere ndinagulitsa matumba awiri n'kukwera njinga yamoto kupita ku boma, abambo nditawasiya ndi anansi. M'sitolo imodzi ndinawapeza atsopano ali m'bokosi, koma nditamva mtengo ndinatuluka osatsanzika. Ndinakathera kumsika, kwa bambo wina woyala pansi zinthu za kaunjika: matochi, mawailesi, malamba. Anali nawo atatu.

"Mabayinokula, amayi? Mwafika pamalo pake. Tengani awa, akuluakulu, oonera mpaka ku Lilongwe."

Analidi akuluakulu, olemera ngati njerwa. Ndinaloza kuphiri la pa bomapo, kumene kuli zitsulo za mafoni. Zitsulozo zinabwera pafupi ndithu, koma phiri lonse linkavina. Ndikapuma, mtengo umene ndimauyang'ana wathawa, kuufunanso osaupeza. Ndinaganiza kuti ngati manja akugwedezeka chonchi ndili phee pamsika, nanga tsiku limene ndidzakhale ndikufuna abambo mtima uli m'mwamba? Ndinawabweza.

Achiwiri anali aang'ono okongola, magalasi ake ofiira ngati maso a munthu woledzera, otchipa kuposa onse. Mtima unandikoka, sindinama. Koma nditayang'anamo ndinaona mapiri awiri, lina pamwamba pa linzake, mutu n'kuyamba kuwawa pomwepo.

"Amenewo ndi maso anu, amayi. Mukapite kuchipatala," anatero wogulitsayo.

"Bambo inu, mundisamale!" ndinatero. "Maso amenewa amalowetsa ulusi pasingano kamodzi kokha. Zidole zanuzi kagulitseni kwa ana."

Anaseka n'kutulutsa achitatu, amene anawakankhira kumbali chifukwa anali okalamba. Labala yake inali itasupuka, chingwe cha m'khosi chili cholumikiza ndi waya. Pamwamba panali manambala, 8 ndi 40. Ndinawatembenuzatembenuza monga ndimachitira posankha mbewu ya kachewere, kufuna pamene pawola. Ndinayang'ana cha kutsogolo kwake ndili cholozetsa kudzuwa, m'kati munali mwoyera, mopanda nguwi. Nditawaika m'maso n'kupotokola kagudumu ka pakati, phiri linaima chilili, limodzi lokha, ndipo ndinaona mbali yaikulu nthawi imodzi. Munthu woyenda m'njira ndinkatha kumutsatira osamutaya. Tinanenerera mpaka tinagwirizana, ndipo ndinabwerera kumudzi nditawakulunga m'chitenje ngati khanda.

Kusankha ndinasankha bwino, pamenepo sindidzitsutsa. Kuseri kwa khola kuli chulu chachitali, ndipo ndikaima pamenepo njira yonse inkaoneka, kupatula mmene yalowa m'mitengo. Kawiri ndinawapeza abambo akadali m'minda, ndinathamanga n'kukawabweza ndekha popanda wondiseka. Ndinayamba kukwera chulucho m'mawa ndi masana, ngakhale abambo ali khale pampando, kungoti maso azolowere. Ndinkaona zonse. Ndinkaona amayi akutsika ndi nkhuni, nkhope zawo, ngakhale amene wabisa nkhwangwa m'kati mwa mtolo.

Chimene chinandipweteka ndi pakamwa panga. Tsiku lina ku mphakati, mapemphero atatha, ndinafuna kumubwezera msuweni wanga chipongwe chake chija. Ndinati, anthu onse akumva, "Asuweni, dzana ndinakuona ukugwetsa mtengo wauwisi pafupi ndi mwala wosweka. Unavala duku lobiriwira." Ndinkayembekeza kuti aseka. Palibe anaseka. Patangopita masiku atatu, alonda a nkhalango anakumana ndi amayiwo n'kulanda nkhwangwa za onse amene analibe chiphaso. Alondawo anali pa ntchito yawo, ine sindinalankhulepo nawo chibadwire. Koma mudzi unaphatikiza zinthu ziwirizi, ndipo nkhani inamveka yoti magalasi ndinachita kupatsidwa kuti ndizinena anthu.

Moni anayamba kuchepa. Kumjigo ndikafika, nkhani zinkaduka. Kenako amayi onse anasiya njira yathu n'kuyamba kulowera kutsidya kwa mtsinje, kumene chulu changa sichiona, ngakhale kunali kozungulira. Ndikanapita kwa msuweni wanga tsiku lomwelo n'kukamuuza kuti kunali kucheza chabe. Koma ine ndi mtima wangawu, ndinati asiyeni, munthu wosalakwa apepesa chiyani? Njira ija inayamba kumera udzu.

Linali Lachinayi, mwezi wa Julayi, kukuzizira kolowa m'mafupa. Abambo ndinawasiya akuwothera dzuwa atafunda bulangete, ine n'kuthamangira kudimba kukathirira kabichi. Injini yopopera madzi ya aneba inavuta, ndinachedwa ndi kutunga ndi ndowa. Pofika kunyumba dzuwa linali pamutu. Bulangete linali pampando litapindidwa bwinobwino, jekete pamsomali panalibe.

Ndinatenga magalasi n'kukwera chulu chokwawa. M'minda munalibe munthu. Polowera m'nkhalango panalibe munthu. Ndinakweza pang'onopang'ono, ndikupemphera kuti ndisawapeze kumene ndimaopako, ndipo ndi kumene ndinawapeza. Anali atatuluka kale m'mitengo, ali pamiyala pamwamba. Ndinawaona bwinobwino, jekete atamanga mabatani molakwitsa, phazi limodzi lopanda nsapato. Anali ataima, akutembenukira uku ndi uku ngati munthu wodikira wina.

"Abambo! Abambo, khalani pansi!" Ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa, dzanja nditatambasula kuti ndiwagwire jekete. Nditachotsa magalasi m'maso, panalibe ndi kadontho komwe, phiri lokhalokha. Apo m'pamene ndinazindikira kutalika kwake, ulendo wa ola lathunthu kwa munthu wothamanga. Ndinabwezeranso m'maso. Nkhungu inali ikutsika kuchokera pansonga, mmene imachitira miyezi imeneyi, yoyera ngati ufa. Ndinawaona akunyamula ndodo n'kuyamba kuyenda, cha kumanzere, kumene kuli phompho. Kenako kunangoti mbuu.

Ndinachita mantha amene sindinachitepo, ngakhale tsiku limene amayi ankatsirizika. Ndinatsika chulucho chokhala pansi. Kukwera ndekha sindikanatha. Nkhuni ndinasiya kutola zaka zambiri, ndipo mu nkhungu yotero ndikanasochera ndisanafike n'komwe pamiyala. Odziwa mwala uliwonse kumeneko anali anthu amene sankandipatsanso moni.

Msuweni wanga ndinamupeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinafika n'kugwada pafumbi, magalasi akulendewera m'khosi.

"Abambo ali pamiyala. Nkhungu yawatsekera. Alowera cha kuphompho."

Sanadzutse mutu. "Bwanji osakawauza anzako aja, alonda?"

"Asuweni, nditukwane mawa, undimenye ngati ukufuna. Sindinanene munthu ine, Mulungu akundiona. Ndinagula zimenezi chifukwa cha abambo, chifukwa cha manyazi, unkandiseka iwe. Ndithandize, afa abambo anga!"

Anadzutsa mutu. Kenako anakankha lichero, nyemba n'kumwazika, anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuitana amayi mayina, nyumba ndi nyumba. Anatuluka asanu. Palibe anandiyankhula, koma palibenso anafunsa kawiri.

Tinakwera chothamanga. M'nkhalango munali mdima ngati madzulo, madzi akudontha m'masamba. Titafika pamiyala sindinkaona ngakhale msana wa amene ali patsogolo panga. Ndinayesa kuika magalasi m'maso, mwa chizolowezi, ndipo ndinangoona zoyera zomwezo. Msuweni wanga anatiuza kuti tigwirane zitenje, wina asapatuke. Ine ndinkangoti abambo, abambo, mawu atasasa. Iye anati, "Khala chete, sayankha zimenezo kuno." Anayamba kuwaitana ndi mfunda wawo, mokoka, monga ankawaitanira anthu akwawo ali mnyamata. Tinkaima, kumvetsera, kuyendanso. Paliponse pamene mwala unagubuduka pansi pa phazi la wina, ndinkamva ngati ndi thupi la abambo likugwa.

Sindidziwa kuti tinazungulira nthawi yaitali bwanji. Kenako mmodzi wa amayiwo anati, "Tamverani!" Kunamveka kachifuwa, pansi pathu, kumanja. Kuphompho sanafike. Anatsetsereka pamwala wonyowa n'kugwera m'kangalande, kuya kwake ngati msinkhu wa munthu. Tinawapeza atagona chammbali, milomo itachita bii ndi chisanu, mwendo umodzi utatembenukira kunja. Nditawagwira anakuwa, ndipo ndinadziwa kuti m'chiuno mwathyoka.

Amayiwo anadula mitengo iwiri ndi chikwanje, tinavula zitenje n'kumanga machira. Powakweza kuwatulutsa m'kangalandemo tinatulukira pamalo athyathyathya, pamwala waukulu, pamene panali tizidutswa ta luzi takale ndi makungwa. Ndinafunsa kuti pano ndi pati. Mmodzi anandiyankha kuti ndi pamene iwo ankamangira mitolo asanayambe kutsika, masiku onse asanasiye njira yathu, dzuwa likakhala pamutu. Kuchokera pamenepo kufika pamene abambo anagwera sipanakwane mapazi makumi awiri.

Tinayamba kutsika, anayi atanyamula, ine ndili pambali nditawagwira phewa. Ndinkawauza kuti ndine mwana wanu, tikupita kunyumba, koma sankandiyang'ana. Maso awo anali pa msuweni wanga, amene ananyamula cha kumutu. Abambo anatulutsa dzanja m'chitenje n'kumugwira pamkono.

"Mayi wa nkhuni, ndi inu?" anatero. "Ndinakudikirani pamwala paja, nthawi yaitali. Ndimati mubwera mundiuze njira. Munali kuti lero?"

Msuweni wanga anangondiyang'ana, misozi ikutsika, n'kupitiriza kuyenda.

Kuchipatala anayesetsa, koma fupa la munthu wa zaka zimenezo siligwirana. Tinabwera nawo kunyumba pa galimoto, ndipo sanaimenso ndi miyendo yawo. Tinawaika m'manda mvula yoyamba isanagwe.